Milu ya pa Thanthwe la Muliya

Mlamu wanga Jailosi ndi munthu woti akangoika mutu pansi, ngakhale mumuimbire ng'oma pakhutu sadzuka. Koma sabata ya mpikisano ija tulo tinamukana. Nyumba yake ndi yanga zinayang'anizana, pakuti iye anabwera pachikamwini kudzakwatira mlongo wanga Felesita, ndiye chitseko chake chikalira ine ndimamva. Lolemba chinalira kawiri. Lachiwiri kanayi. Pofika Lachitatu Felesita anachita kudzandidandaulira kuti bambo a m'nyumba akungotembenuka usiku wonse ngati chimanga chootcha.

"Ndi mantha a mpikisano amenewo," ndinamuuza.

Ndinkanama. Chimene chinkamudya mlamu wangayo ndinkachidziwa bwino, ndipo mbali ina chinali changa.

Awirife ntchito yathu ndi yonyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje. Mpikisano ndikunenawu ndi wothamanga usiku wonse m'phirimo, mwezi wa Julayi, pamene chiperoni chimakhala chitakhwima ndipo pamwamba pamagwa chisanu. Amanyamuka Lachisanu dzuwa litalowa, kukwera mbali ino, kudutsa pamwamba ponse, n'kukatsikira mbali ina kutacha. Malamulo ake ndi ochepa: uonekere pa nyumba zisanu za m'phiri akulembe dzina, koma njira ya pakati pake udzionere wekha. Munthu wamutu wabwino sangazifune zimenezo. Mlamu wanga anazikonzekera miyezi isanu.

Ankakwera phiri atabereka thumba la mchenga. Ankasamba mumtsinje tambala asanalire, akuti thupi lizolowere kuzizira. Nsapato zake za pakaunjika anakazisoketsa kawiri, masokosi akale anawasandutsa zovala m'manja, ndipo mabatire a tochi ya pamphumi anawasokera kathumba kokhala pachifuwa, chifukwa kuzizira kwa kumwambako kumapha mabatire msanga. Felesita naye anali atakazinga mtedza ndi kuphika chigumu cha ulendo. Zonse zinali m'malo mwake kupatula mtima wa mwini wake.

Pakati pa nyumba yachitatu ndi yachinayi pali Thanthwe la Muliya. Ndi mwala umodzi wosalala, waukulu kuposa mabwalo a mpira khumi, wopendekera kumanzere, ndipo kumanzereko umathera paphompho loti ukaponya mwala sumva pogwera. Ukalizungulira umataya ola lathunthu. Ukalidutsa pakati, mphindi khumi ndi zisanu zakwana. Vuto ndi lakuti pathanthwe phazi silisiya chizindikiro, ndiye nkhungu ikatsika sudziwa uko ndi uko.

Anganga ake a Jailosi, malemu a Namakhwa, ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba. Chaka china chiperoni chinawapeza pathanthwepo ali ndi mng'ono wawo Muliya, amene anali patsogolo. Iwo anangomva matabwa akulira kunsi, basi. Mtembo sunapezeke. Chilimwe chonse chotsatira a Namakhwa anasenza miyala kuchokera m'khwawa la mmunsi n'kuunjika milu makumi anayi, wina ndi unzake kutalikirana mapazi makumi awiri, kuti ngakhale m'nkhungu ukaima pa umodzi uziona chithunzithunzi cha wotsatira. Kuyambira pamenepo aliyense wodutsa amatola kamwala pamtsinje asanafike, n'kukasiya pa mulu wina. Palibe anachita kulamula. Timangochita.

Chaka chatha kunabwera mphunzitsi wina wa ku Ntcheu, dzina lake Lufeyo, kudzayesa mpikisanowo. Jailosi anamulandira ngati mbale. Anagona m'nyumba mwake, anadya kalongonda wa Felesita mpaka kunyambita zala, ndipo Jailosi anamutenga kukamuonetsa milu ija ndi kumuphunzitsa za kamwala. Usiku wa mpikisano Lufeyo anangomata kumsana kwa mlamu wanga kuyambira poyambira mpaka chitsikiro chomaliza. Kenaka, kutayamba kuyera, anamudutsa n'kupambana.

Mudzi unaseka, ndipo wotsogolera kusekako ndinali ine. "Alamu, mwamuperekeza bwino mlendo," ndinkatero paliponse, pamowa, pamaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Iye ankangomwetulira. Sindinadziwe kuti ndikuthirira chinthu choipa.

Kutatsala masabata atatu kuti mpikisano wa chaka chino uchitike, tinkabwerera awiri kuchokera kokasiya alendo. Titafika pakati pa thanthwe, pamene njira imakhotera kumanja kuthawa phompho, Jailosi anatula chikwama. Anagumula milu isanu ndi iwiri, kuyambira wotsatira wa makumi awiri, n'kumagubuduzira miyalayo kumanzere. Iye mwini pamenepo amadutsa ngakhale atatsinzina.

"Mphunzitsi akafika apa osaona mulu, abwerera, akazungulire," anatero. "Ola limodzi basi. Palibe afe."

Ine ndinaseka. Ndiyenera kunena zimenezi ngakhale zimandichititsa manyazi mpaka lero: ndinaseka, ndipo mwala umodzi ndinaukankha ndine ndi phazi langa.

Ndiye usiku wa Lachinayi, mawa lake kuli mpikisano, chitseko cha Jailosi sichinalire. Ndinati koma lero wagona. Anagonadi, koma sikunali kupuma. Zimene anaona anandifotokozera yekha, ndipo ndizinena monga anazinenera.

Anapezeka ali pathanthwe, wopanda nsapato, nambala ya mpikisano ili pachifuwa, tochi itazima. Nkhungu inali mbuu, yonyowetsa nsidze, ndipo chisanu chinkamuluma kumapazi ngati waponda singano. Chodabwitsa, kunalibe mphepo. Pamalo pamene mphepo siipuma panali zii, moti ankamva madontho akugwa kuchokera kutsitsi lake. Kenaka linabwera fungo, la mkungudza wongocheka kumene losakanikirana ndi fodya wa chingambwe. Fungo limenelo analimva komaliza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'bulangete la anganga ake.

Anamva mapazi, khwe, khwe, zidendene zong'ambika zikukhula mwala, ndi mawu a munthu akuwerenga chapansipansi. A Namakhwa anatulukira m'nkhungumo atavala jekete lawo lakale lomangidwa ndi luzi m'chiuno. Pamutu panali nkhata, pankhatapo mwala waukulu wonyowa, madzi ake akuyenderera kumaso kwawo. Mulu uliwonse ankaugwira ndi dzanja podutsa. Atafika pamene panali Jailosi anagwira mulu wapambali pake.

"Makumi awiri," anatero. Anatambasula dzanja kutsogolo, osagwira kanthu.

"Jailosi."

"Wawa, anganga."

"Wotsatira uli kuti?"

"Sindikuuona, anganga."

"Munthu akapanda kuuona amatani?"

"Amabwerera."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye, ndipo Jailosi akuti bola akanakwiya.

"Yenda tione," anatero.

Miyendo ya Jailosi inayamba kuyenda yokha. Sinabwerere. Inapita kutsogolo, pang'onopang'ono, manja ali patsogolo kufufuza, mtima ukumuuza kuti mulu uli pompano, phazi limodzi lokha, mwina awiri. Thanthwe linkamukokera kumanzere mosaonetsera. Anayesa kuima, miyendo osamva. Kenaka anamva mpweya wozizira ukukwera kuchokera pansi n'kumuomba m'miyendo, ndipo zala za kumapazi zinapezeka zili m'malere. Kunsi kwenikweni, kutali, matabwa ankalira akugwa, osafika pansi.

"Muliya sanabwerere," anatero mawu kumbuyo kwake. "Wapaulendo sabwerera. Amafunafuna."

Jailosi atacheuka anaona matochi ambiri atandandalika m'nkhungu, akubwera mmodzimmodzi, onse akutsata pamene iye wapita. Anafuna kukuwa kuti imani, koma pakamwa panali patauma.

A Namakhwa anatula mwala uja. Anachotsa nkhata pamutu pawo n'kuiika pamutu pa mdzukulu wawo. Inali yozizira, yolemera kuposa thumba la mchenga lija.

"Miyala imeneyi ndinasenzera anthu osawadziwa," anatero. "Iwe wabisira njira munthu amene anadya m'nyumba mwako. Lisalowe dzuwa pali mpata. Pamene pasowe mwala, paime munthu."

Anadzuka khosi litauma, mapazi ali ozizira ngati wangotuluka mumtsinje. Felesita anawagwira, ndipo mpaka lero amalumbira kuti anali onyowa.

Tambala woyamba atangolira ndinamva kugogoda.

"Alamu, dzukani. Pezani nsanza yopangira nkhata."

Ndinatuluka ndikupikita m'maso. Anandiuza malotowo ataima pakhomo, maso ali pansi. Ine ndinayesa kuchenjera monga mwa masiku onse.

"Alamu, mpikisano ndi lero madzulo. Mukakwera phiri m'mawa uno n'kukasenza miyala, muthamanga ndi miyendo ya ndani? Miyezi isanu ipite pachabe chifukwa cha maloto?"

"A Dafuleni," anatero, ndipo akanditchula dzina ndiye kuti zafika pena, "inuyo mukafika pa mulu wa makumi awiri m'nkhungu, osaona wotsatira, mungabwerere?"

Zaka khumi ndi zinayi ndikuyenda m'phiri limenelo, sindinabwererepo ngakhale kamodzi. Ndimati ndiyende pang'ono, ndiuona.

Felesita anali ataima kumbuyo kwathu, chitenje chili m'khosi, ndipo anamva zonse.

"Mwana wa eni ake anadya m'mbale mwanga," anatero. "Amayi ake akudziwa kuti ku Mulanje ali ndi abale. Nanga inu achimwene, munali pomwepo?"

"Ndinali pomwepo."

Felesita analowa m'nyumba n'kutulutsa mtedza ndi chigumu chija, mabulangete awiri ndi masaka, n'kuziika pansi patsogolo pathu. Sanatipatse m'manja.

Tinafika pathanthwe dzuwa lili pamutu. M'njira ndinkada nkhawa kuti malo enieni a milu ija tiwadziwa bwanji, koma sizinafunike kufunsa. Thanthwe lonse ndi lakuda ndi ndere, koma pamene panakhala mulu zaka zonsezo panali poyera mbee, pozungulira ngati pamene panakhala mtsuko. Malo oyera asanu ndi awiri, atandandalika, akutiyang'ana. Jailosi anaima pa oyambawo n'kuvula chipewa.

Miyala ya a Namakhwa inali kuphompho, yosabwereranso. Tinayenera kutsikira m'khwawa momwe iwo ankaitenga, kusenza umodziumodzi pankhata, kukwera nawo, n'kubwereranso. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti kugumula n'kosavuta. Mulu umene mlamu wanga anaumwaza pa mphindi ziwiri unkatidyera ola. Tinayamba ndi ya kufupi ndi phompho. Khosi linatentha, zala zinang'ambika.

Chakumadzulo, titamanga isanu, mphepo inatembenuka. Chiperoni chinakwera kuchokera kummwera, ndipo posakhalitsa khwawa lija linasowa. Kutsikiramo nthawi imeneyo kukanakhala kudzipha. Panatsala malo oyera awiri, oyamba aja, ndipo mpata wake unali wa mapazi makumi asanu ndi limodzi, m'nkhungu yoti makumi awiri okha umaona movutikira.

Ndinatsata milu kubwerera ku nyumba yachitatu kukauza mlonda kuti achenjeze othamanga. Anati awauza, koma othamanga mukuwadziwa, ukati zungulirani theka adutsabe. Anandifunsa kuti wagumula milu ndani. Ndinati mwina anyani. Anagwedeza mutu, osadziwa kuti mmodzi wa anyaniwo waima patsogolo pake.

Nditabwerera ndinapeza Jailosi ataima kale pa malo oyera oyamba, atadzikuta bulangete, tochi ya mpikisano ija ili pamphumi.

"Anati pamene pasowe mwala paime munthu," anatero. "Inu alamu simunalote. Mukhoza kukagona kunyumbako."

"Mwala umodzi ndinakankha ndine," ndinayankha, n'kupita kukaima pa malo achiwiri.

Kuzizira kwa usiku umenewo sindikufunira munthu. Bulangete linanyowa, kenaka linauma gwa ndi chisanu. Tinkaponda pansi, kudya mtedza, kuwomba m'manja, koma osachoka pamalo. Tochi ya mlamu wanga ndinkaiona ngati chiphaniphani. Pakapita nthawi ankaitana, "Alamu!" ine n'kuyankha, "Ndilipo!" chifukwa kumwambako amene wagona m'chisanu sadzuka. Nthawi imene anzake ankanyamuka kunsi kuja ndinaidziwa, chifukwa anakhala chete nthawi yaitali.

Cha m'ma wani koloko kunaoneka kuwala koyamba. Kunkabwera mofulumira, mulu ndi mulu, ndipo kunaima pa wa makumi awiri. Kunayang'ana uku ndi uku. Kenaka kunayamba kusuntha, osati kubwerera, koma kutsogolo, chakumanzere.

"Kuno!" anakuwa Jailosi. "Kumanja! Tsatani tochi!"

Kuwalako kunakhota n'kufika pamene anaima. M'nkhungu mawu amamveka patali, ndiye ndinamva zonse.

"A Jailosi? Ndakufunani poyambira paja. Mukutani pano? Mwavulala?"

"Ayi, a Lufeyo. Mulu wa pano palibe. Ndinagumula ndine, pamodzi ndi ina isanu ndi umodzi. Ndinkafuna kuti inu musochere, mutaye nthawi."

Munthu ali pa mpikisano, mphindi iliyonse ndi yamtengo, koma Lufeyo anaima. Ndinamva kupuma kwake kokha.

"Kumanzereku ndi kuphompho," anatero pomaliza.

"Ndi kuphompho."

"Ndipo munkadziwa."

"Ndinkadziwa. Pitani kwa mlamu wanga apo, kuchokera pamenepo milu ilipo."

Ndinaona tochi ya Lufeyo ikutsika pansi ngati wawerama, n'kukweranso. Atafika pa ine anandiunika kumaso.

"Nanunso, a Dafuleni?"

"Nanenso."

Anapukusa mutu n'kulowa m'nkhungu. Ndikanakonda akananditukwana.

Pambuyo pake anadutsa ena makumi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, amuna ndi akazi, ena akutsimphina, ena milomo itachita bii ndi kuzizira. Ambiri poona munthu ataima m'chisanu kuwalozera njira ankati, "Mulungu akudalitseni, achimwene." Mawu amenewo ankapweteka kuposa mphepo. Ndipo aliyense wothokoza, mlamu wanga ankamuyankha chimodzimodzi: "Musathokoze. Ndinagumula ndine." Sanadumphe ndi mmodzi yemwe. Munthu amene ndinamuseka chaka chathunthu anaulula tchimo lake usiku wonse kwa anthu osawadziwa, pamene ine ndinalephera kuuza mlonda mmodzi.

Kutacha nkhungu inasefukira kunsi ndipo dzuwa linagunda thanthwe. Ndinapita kwa Jailosi ndikukoka miyendo. Ndinamupeza ataima mopendekeka, phazi lamanzere akupondaponda, koma lamanja lili duu pamalo amodzi.

"Lauma?" ndinafunsa.

Analoza pansi ndi chibwano. Pamwamba pa nsapato yake yosokedwa kawiri ija panali kamwala koyera ka kumtsinje, chisanu chitakamatirira pachingwe. Lufeyo anali atatola kamwala asanafike pathanthwe, monga anaphunzitsidwira. Atasowa mulu wokasiyapo, anakasiya pa chimene anapeza chitaima pamalopo. Kuyambira wani koloko mpaka m'mawa mlamu wanga sanasunthe phazi limenelo, kuopa kuti kangagubuduke.

"Zala zakana kupinda, alamu," anatero, misozi ikutsika. "Ndichotsereni. Koma musakataye."

Ndinakachotsa n'kukaika pakati pa malo oyera aja. Titaotha dzuwa tinatsikira m'khwawa n'kumanga milu iwiri yotsalayo, woyambawo pamwamba pa kamwala ka Lufeyo. Potsika tinadzera ku nyumba yachitatu, ndipo ndinamuuza mlonda uja mayina a anyani.

Kumudzi tinamva kuti mphunzitsi wapambananso, ndipo wakwera basi osadzera kwathu. Felesita anali atamuphikira kalongonda. Anamuika patsogolo pathu, nthawi ino ndi madzi osamba m'manja, ndipo tinadya.

Usiku umenewo ndinakhala maso kumvetsera chitseko cha mlamu wanga. Sichinalire. M'mawa mwake ndinamufunsa ngati anganga anabweranso.

"Sanaime," anatero. "Ndinangomva akudutsa, akuwerenga. Anafika makumi anayi."